KUCOKERA KWA JEKE KUFIKA KWA BLACK PANTHER: M'MENE ANTHU A KWA KALINDAWALO AMAWERUZIRA NGWAZI ZA M'KANEMA

Pa misika ya m'mbali mwa mseu waukulu wa Great East Road, kuyambira pa Kacholola, kudzera pa Nyimba ndi pa Minga, kufikira pa boma la Petauke, pali mlandu umodzi umene sunapitepo kwa nyakwawa kapena kwa mfumu, komabe sukutha. Umazengedwa m'tinyumba tometera tsitsi, pansi pa mitengo pamene amakonzera njinga, ndiponso pakati pa anyamata ogulitsa nthoci podikira basi. Kodi Spider-Man atakumana ndi Black Panther angagwetse mnzace ndani? Nanga pakati pa Rambo ndi Commando wamphamvu ndi uti? Kodi akanema a ku Nigeria aposa a kuno kwathu?

Akulu ena akamva zotere amangoti ncibwana ca ana a masiku ano. Koma mkangano umenewu ngwakale kuposa anyamata amene akuucita lero. Anauyamba ndi agogo ao, ndipo mwa iwo ndi mmene anthu a m'dziko la Mfumu Yaikulu Kalindawalo akhala akusankhira zoyenera kutola ndi zoyenera kutaya m'zithunzi-thunzi zocokera kunja. Tsopano popeza kanema walowa m'thumba la mwana kudzera pa foni, funso lalikulu ndi lakuti kodi akulu adzapitiriza kukhala nao pa mlanduwo, kapena adzausiyira ana okha.

JEKE WA KU MIGODI

Ansenga ambiri anayamba kuona kanema ali paulendo. M'masiku a boma la atsamunda, msonkho unkakakamiza amuna kusiya midzi yao ndi kuoloka Luangwa kukafuna nchito ku Broken Hill, kumene tsopano ndi ku Kabwe, ku migodi ya mkuwa, ndi ku Salisbury, kumene tsopano ndi ku Harare. Kuyambira cakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, eni migodi ankaonetsa bayisikopo m'makomboni a anchito, pabwalo, usiku. Zimene anthu anazikonda koposa zinali za makaboyi a ku America, okwera akavalo ndi kuponya zibakera.

Mai Hortense Powdermaker, wophunzira za makhalidwe a anthu wocokera ku America, anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, ndipo m'buku lace la Copper Town la mu 1962 anafotokoza za makamu amene ankaonera zithunzizi mopfuula, akulimbikitsa ngwazi yao pa nkhonya iriyonse. Kaboyi aliyense wolimba mtima ankamucha dzina limodzi lokha lakuti Jack, kapena Jeke m'kachulidwe ka kuno, ngakhale wosewerayo atasintha nkhope. Ana a m'makomboni ankasema mfuti za mitengo ndi kuyenda monyang'wa ngati iye.

Zithunzi zimenezi sizinkafika zathunthu. Boma linali ndi bungwe lopima akanema oonetsedwa kwa anthu akuda, ndipo linkadula mbali zimene linkaziyesa zoononga makhalidwe kapena zocepetsa ulemu wa azungu. Cizungu ca osewerawo cinalinso cothamanga, cobvuta kumva. Motero oonera ankalumikiza okha nkhaniyo, akumafunsana ndi kutsutsana mpaka atagwirizana za amene anali wolakwa ndi amene anali wolungama. Pobwerera kumudzi, amuna aja ananyamula mabulangete, njinga ndi nkhani za Jeke, ndipo anazisimba pa bwalo kwa anthu amene anali asanaonepo cinsalu ca kanema.

GALIMOTO YA KANEMA IFIKA M'MIDZI

Mu 1948 kunakhazikitsidwa bungwe la Central African Film Unit, limene likulu lace linali ku Salisbury. Linkapanga zithunzi zophunzitsa za ulimi, ukhondo ndi kusunga ndalama, zoonetsedwa ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Zambiri zoyamba zinalibe mau, cotero pafupi ndi makina pankaima womasulira, akufotokoza m'cinenero ca anthu a pamalopo. Dziko litalandira ufulu mu 1964, nchito yoyendetsa magalimoto a kanema inakhala m'manja mwa Zambia Information Services, imene mu 2005 inaphatikizidwa ndi ZANA kukhala ZANIS.

Amene anakula m'zaka zimenezo amakumbukira bwino tsiku lotere. Galimoto inkafika dzuwa likali m'mwamba, cimkuza-mau cikulengeza, ndipo pofika cisisira bwalo la sukulu linali litadzaza. Amai ankayala mphasa, ana ankakhala patsogolo m'pfumbi, ndipo ena acidwi ankazungulira kuseri kwa cinsalu kukaona kumene anthu a m'cithunzi abisala. M'mawa mwace, ku citsime ndi ku dimba, nkhani inali ya kanema. Womasulira nayenso ankaweruzidwa. Wodziwa nthabwala ndi miyambi ankatamandidwa ngati kuti cithunzico anacipanga ndi iye, pamene wouma pakamwa ankagonetsa anthu ngakhale cithunzi cikhale cabwino.

KARATI NDI NYUMBA ZA VIDIYO

M'zaka za m'ma 1970 Jeke analandidwa mpando ndi Bruce Lee. Munthuyu anabadwira ku San Francisco mu 1940, anakulira ku Hong Kong, ndipo anamwalira pa 20 July 1973 ali ndi zaka 32 zokha, cithunzi cace cochuka ca Enter the Dragon citatsala pang'ono kuturuka. Cimene cinakopa anthu sicobvuta kucimvetsa. Anali wocepa thupi, sanali mzungu, sankadalira mfuti, koma ankagwetsa zimphona. Kwa anthu oleredwa ndi nthano za Kalulu wogonjetsa Njobvu ndi Mkango, ngwazi yotere sinali yacilendo konse.

Pambuyo pace panabwera Sylvester Stallone ndi First Blood mu 1982, Arnold Schwarzenegger ndi Commando mu 1985, ndi Jean-Claude Van Damme ndi Bloodsport mu 1988. Makaseti a vidiyo atacuruka m'zaka za m'ma 1990, pa misika ya kumidzi panamera tinyumba ta udzu ndi mapepala a pulasitiki, momwe munali mabenci, wailesi ya kanema imodzi, ndi batire kapena jenereta. Panja ankalemba ndi coko zimene zidzaonetsedwa. Monga m'masiku a Jeke, osewera anataya maina ao. Stallone anangokhala Rambo, ndipo Schwarzenegger anakhalabe Commando ngakhale pamene anali bwanamkubwa wa California kuyambira mu 2003 mpaka mu 2011. Ngwazi ya m'cithunzi ana anaicha sitalingi, ndipo lamulo lao linali limodzi, lakuti sitalingi safa.

Nyumba zimenezi zinabweretsanso madandaulo amene sanathe mpaka lero. Aphunzitsi amadandaula za ana othawa sukulu kukakhala m'vidiyo. Makolo amadandaula za nshawa ndi cimanga zosowa m'nkhokwe kuti mwana apeze ya pakhomo, ndiponso za zithunzi za akulu zoonetsedwa pamene ana alipo. Madandaulo amenewa ali ndi maziko, ndipo ngakhale okonda kanema enieni sawakana.

NGWAZI ZOULUKA ZIGAWA ANTHU

Ngwazi zimene acinyamata akukangana nazo masiku ano nzosiyana ndi za kale, pakuti ziri ndi mphamvu zoposa za munthu. Zinayambira m'timabuku ta zithunzi zojambula ta ku America. Superman anaturuka mu 1938 kucokera kwa Jerry Siegel ndi Joe Shuster, Spider-Man mu 1962 kucokera kwa Stan Lee ndi Steve Ditko, ndipo Black Panther mu 1966 kucokera kwa Stan Lee ndi Jack Kirby.

Pa ngwazi zimenezi maganizo agawanika. Acinyamata ambiri amazikonda cifukwa ca liwiro ndi zodabwitsa zace. Amene anakulira pa karati amazinyoza, akumati Bruce Lee ankamenya ndi thupi lace lenileni pamene awa akuwamenyera ndi makina. Agogo ena samafuna nkomwe kuziona, pakuti kumudzi munthu wouluka usiku dzina lace limadziwika kale, ndipo si dzina laulemu.

Coonadi ncakuti palibe wosewera amene amauluka. Amamumangirira ndi zingwe zolimba patsogolo pa cinsalu cobiriwira, ndipo pambuyo pace amisiri amafafaniza zingwezo pa kompyuta ndi kuikapo mitambo kapena nyumba zazitali. Pa malo oopsa pamalowa munthu wina wophunzitsidwa kugwa ndi kudumpha, atabvala ngati mwini gawolo. Nkhonya zambiri sizifika pathupi, ndipo phokoso lace amaliika pambuyo. Mwana aliyense ayenera kumva zimenezi asanayese kudumpha kucokera pa denga la nkhokwe. Christopher Reeve, amene anasewera Superman mu 1978, anagwa pa kavalo mu 1995, nafa ziwalo kuyambira m'khosi kutsika, ndipo anakhala pa njinga ya olemala mpaka imfa yace mu 2004.

Cithunzi cimene cinayandikizako magulu onsewa ndi Black Panther ca mu 2018, cotsogoleredwa ndi Ryan Coogler. Cimasimba za Wakanda, dziko lopeka la mu Africa limene silinalamulidwepo ndi atsamunda. Muli mfumu, bwalo la akulu, mwambo wolonga ufumu, mkangano wa pacibale wolimbirana mpando, ndi kulankhula ndi mizimu ya makolo. Anthu amene caka ndi caka amasonkhana pa mwambo wa Tuwimba sanafunikire womasulira kuti amve zimenezi, ngakhale Ansenga, amene ufumu wao umatsata kucikazi, angathe kufunsa cifukwa cimene mpando unapitira kwa mwana m'malo mwa muphwa. Cinenero ca ku Wakanda ndi Cixhosa ca ku South Africa, ndipo Danai Gurira, amene anasewera mkulu wa asilikali aakazi, anakulira ku Zimbabwe. Cithunzici cinapeza ndalama zoposa madola 1.3 biliyoni ndi mphotho zitatu za Oscar.

Pa 28 August 2020, Chadwick Boseman, amene anasewera mfumu T'Challa, anamwalira ali ndi zaka 43 ndi khansa ya m'matumbo imene anaipirira mwakacetecete kuyambira mu 2016. Sitalingi anafa, ndipo okonda kanema pa dziko lonse anatsutsana ngati kunali koyenera kulowetsa wina m'malo mwace. Eni cithunzi anasankha kusatero, ndipo mu Wakanda Forever ya mu 2022 mphamvuzo zinapita kwa mlongo wace, Shuri. Pa kulengeza kwa cithunzi cimeneci panamveka nyimbo ya Sampa the Great, woimba wa kuno ku Zambia.

WOSEWERA SI MUNTHU AMENE AKUMUSEWERA

Pakati pa amai ambiri, nkhonya ndi kuuluka ziribe malo kwenikweni. Iwo amakonda nkhani za m'banja, za apongozi, za mitala ndi za cuma ca masiye. Ndico cifukwa cace akanema a ku Nigeria, amene anayamba kufala pambuyo pa Living in Bondage ya mu 1992, analandiridwa msanga. Apa napo pali cisokonezo cimene ciyenera kuongoledwa. Patience Ozokwor wasewera mpongozi wankhanza kambirimbiri kotero kuti ena amamuda ngati kuti ndiwo mtima wace, pamene iye akungogwira nchito imene wapatsidwa. Chinedu Ikedieze ndi Osita Iheme, odziwika monga Aki ndi Pawpaw kuyambira mu 2002, ambiri ankawayesa ana, koma anali kale amuna aakulu.

Munthu amene oonera sakonda kumufunsa ndi dairekita, ndiye kuti wotsogolera cithunzi. Iye saoneka pa cinsalu, koma ndiye amasankha osewera, malo oimika kamera, ndi mbali zodula. Ali ngati mmisiri wa nyumba: alendo amayamikira khonde ndi utoto, koma amene anayeza maziko samuchula. Wofuna kudziwa cifukwa cimene cithunzi cina cimakomera ndi cina cimagwetsa ulesi ayambe kuwerenga dzina limene limalembedwa pa mau akuti wotsogolera.

NKHANI YA CINENERO

Womasulira wa pa galimoto ya kanema sanafe, anangosintha malo. Ku Malawi kuli anyamata amene amatenga akanema a ku China, India, America ndi Nigeria ndi kuikamo mau a Cicewa pa kompyuta, akumasulira, kuseka ndi kuonjezera zao. Zithunzi zoterezi zimaoloka malire ndi kufalikira m'Cigawo ca Kum'mawa pa timakhadi ta m'mafoni. Ozikonda amati tsopano agogo ndi adzukulu amamva nkhani limodzi. Otsutsa amati womasulira nthawi zina amapotoza nkhani, amatukwana, ndiponso eni zithunzizo salandirapo kanthu.

Kuti anthu amasamala za cinenero cao zinaoneka mu 2019, pamene kunaturuka The Boy Who Harnessed the Wind. Cithunzici cimasimba za William Kamkwamba wa ku Kasungu, amene ali mnyamata anasiya sukulu cifukwa ca njala ndi kusowa ndalama, napanga makina a magetsi oyendera mphepo ndi zitsulo zotola. Anacitsogolera ndi Chiwetel Ejiofor wa ku Britain, amene anaseweranso atate ace a William, ndipo mnyamatayo anaseweredwa ndi Maxwell Simba wa ku Kenya. Kunja cinatamandidwa, koma eni Cicewa ambiri anadandaula kuti kachulidwe ka mau kanali kopotoka. Ena anayankha kuti mlendo amene wayesetsa kulankhula cinenero cako ayenera kuthokozedwa. Mbali zonse ziwiri ziri ndi mfundo, ndipo phunziro lace nlakuti nkhani ya pakhomo imakoma ikasimbidwa ndi lilime la pakhomo.

ZA KUNO KWATHU

Wailesi ya kanema inayamba m'dziko muno mu 1961 ku Kitwe, koma kwa zaka zambiri inali ya anthu a m'matauni. Magetsi a dzuwa ndi madishi ndiwo aifikitsa m'midzi. Masewero a Kabanana pa ZNBC kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000 anasonyeza kuti anthu ali ndi njala ya nkhani zao. Mu 2018 pa Zambezi Magic panayamba Mpali, nkhani ya Nguzu, mlimi wolemera wa akazi ambiri, ndi Zuba, nkhani ya mtsikana wa kumudzi wokagwira nchito m'nyumba ya anthu olemera ku Lusaka. Pa masewero awa oonera amakhala oweruza okhwima, pakuti mitala ndi ulendo wa ku Lusaka amazidziwa okha, ndipo wosewera akalakwitsa kagwadidwe kapena kalankhulidwe ka kumudzi amamugwira nthawi yomweyo.

Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka ndi kukulira ku Wales, anatsogolera I Am Not a Witch mu 2017, nkhani ya kamtsikana konamiziridwa ufiti, ndipo mu 2018 analandira mphotho ya BAFTA ku London. Mu 2024 analandiranso mphotho ya utsogoleri ku Cannes, m'dziko la France, ndi cithunzi ca On Becoming a Guinea Fowl. Ndipo mu July 2023 Zambia inapeza ngwazi zace zamphamvu zodabwitsa. Malenga Mulendema anapeka Supa Team 4, zithunzi zojambula zoonetsedwa pa Netflix, za atsikana anai a sukulu amene amateteza mzinda wa Lusaka motsogozedwa ndi mai wacikulire wochedwa Mama K. Mwini wace anafotokoza kuti ali mwana sankaona ngwazi zofanana naye pa wailesi ya kanema. Cobvuta ncakuti Netflix imafuna intaneti yamphamvu ndi malipiro a mwezi ndi mwezi, motero mwana wa ku Luembe kapena kwa Mwanjawanthu amapeza Spider-Man mosabvuta kuposa atsikana a ku Lusaka.

Komabe luso la kusimba siliyembekeza makina odula. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, Julius Chongo ankakhazika cete midzi yonse ya kum'mawa ndi pologramu yace ya Poceza M'madzulo pa wailesi ya Zambia. Analibe cinsalu ngakhale kamera. Anali ndi mau okha, amene ankawasintha kukhala a nkhalamba, a mwana kapena a cirombo, ndipo omvera ankaona zonse m'maganizo mwao. Lero ku Petauke ndi ku Nyimba kuli mawailesi a m'dera, ndipo mafoni ambiri ali ndi kamera. Nkhani za m'cigwa ca Luangwa, za alenje, za asodzi ndi za maulendo a makolo, zikali kudikira ozijambula m'Cinsenga ndi m'Cinyanja.

MLANDU UBWERERE PA BWALO

Pa zaka zonsezi, cimene cinkateteza oonera cinali cakuti ankaonera pamodzi. M'komboni, pa bwalo la sukulu, ngakhale m'kanyumba ka vidiyo, panali wina wotsutsa bodza, wina woseka zopusa, ndi wina wofotokozera mwana cimene sanamve. Foni yasintha zimenezi. Mwana angathe kuonera yekha pansi pa bulangete mpaka tambala woyamba, popanda womufunsa cimene waona. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo mwana payekha sadziwa kuung'amba kuti aone.

Kuletsa kokha sikunathandizepo, pakuti ngakhale lumo la atsamunda silinaphe Jeke. Cimene makolo angacite ndi kukhala pansi ndi ana nthawi zina, kuonera nao, ndi kuwafunsa mafunso amene agogo ao ankafunsana: wolakwa ndani, wolungama ndani, ndipo ngwaziyo mphamvu zace yathandiza nazo yani? Eni nyumba za vidiyo angathandize posalowetsa ana nthawi ya sukulu ndi posiyanitsa zithunzi za ana ndi za akulu. Aphunzitsi angasandutse mkangano wa Rambo ndi Commando kukhala phunziro la kulemba ndi kutsutsana mwaulemu.

Kuongola mtengo mpoyamba. Mwana amene waphunzira kufunsa kuti cithunzi anacipanga ndani, anacipanga motani ndiponso cifukwa ninji, sadzanyengedwa ndi zingwe zobisika, ndipo mwina ndiye amene tsiku lina adzaimika kamera m'mbali mwa Luangwa ndi kupatsa dziko ngwazi yolankhula Cinsenga.